Bambo amamva supuni ikagwa, nanga mawu athu amawaphonya bwanji?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mufakose mumzinda wa Harare, ndipo andilola kuti ndiyankhire pano popanda kuwatchula dzina. Nkhani yawo mwachidule ndi iyi. Bambo awo ali ndi zaka za m'ma 70, anabwera kuno ku Zimbabwe kuchokera ku Ntcheu akadali mnyamata, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale ina ya zitsulo. Masiku ano supuni ikagwa kukhitchini amaimva, galu wa aneba akauwa amamumva, koma banja likakhala pamodzi madzulo amangoti "ati chiyani?" mpaka adzukulu kutopa nawo. Kutchalitchi amabwerako osadziwa kuti ulaliki unali wotani. Achimwene awo a mayiwa anatumiza kachipangizo kothandiza kumva kuchokera ku Johannesburg, koma bambowo anakavala pang'ono n'kukaponya m'dilowa, akuti kamangowonjezera phokoso. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi n'zoona kuti sakumva, kapena amangosankha zoti amve? Nanga bwanji timachita kukuwa koma osamvabe?"

Achemwali, bambo anu sakuchita dala. Mawu akuti "ndikumva kuti munthu akulankhula koma sindikutola zimene akunena" ndi amene akatswiri a za makutu amauzidwa tsiku ndi tsiku ndi anthu achikulire, makamaka amene anakalambira m'phokoso la makina. Kumva supuni ndi ntchito yopepuka. Phokoso lake limabwera mwadzidzidzi, lamphamvu, pamalo pa zii, ndipo khutu limangofunika kudziwitsa ubongo kuti china chake chagwa. Kumva chiganizo n'kosiyana kwambiri. Katswiri wina wa ku Netherlands, Reinier Plomp, analemba mu 1978 kuti vuto la kumva lili pawiri: mawu amafika ofooka, komanso amafika osokonekera. Kufookako mutha kukukonza pokweza mawu. Kusokonekerako kukweza sikukukhudza, ndipo mbali yaikulu ya kusokonekeraku ndi nkhani ya nthawi, kutanthauza kuti kaphokoso aka kayamba liti, katha liti, ndipo pakati pa aka ndi kotsatira papita mpata wotalika bwanji. Apa ndiye pagona yankho la funso lanu.

Ndidutse msanga pa zimene ambiri anamvapo kale. Mkati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika kotchedwa cochlea, ndipo mmenemo muli timaselo taubweya, tamkati pafupifupi 3,500 ndi takunja pafupifupi 12,000 m'khutu lililonse. Timaselo timeneti tikafa sitimeranso. Ukalamba ndi phokoso zimayamba kupha timaselo timene timamva mawu okwera, ndipo phokoso la m'fakitale limakonda kuwononga cha pa 4,000 Hz, kutanthauza mawu onjenjemera ka 4,000 pa sekondi. Mavawelo athu, a, e, i, o, u, ndi amphamvu ndipo mphamvu yake yambiri ili m'munsi. Makonsonanti monga s, f, ts, ch ndi ofooka ndipo ali m'mwamba. Choncho bambo amamva mavawelo, makonsonanti n'kuwapulumuka. Izi n'zoona, koma si nkhani yonse, ndipo sizifotokoza chifukwa chake kukuwa kumalephera.

Tayesani kutchula "pala" ndi "phala", dzanja lanu lili kutsogolo kwa pakamwa. Milomo ikuchita chimodzimodzi m'mawu onse awiri. Chasiyana n'chakuti pa "phala" patuluka kampweya, ndipo liwu la pakhosi ladikira kaye lisanayambe vawelo. Kudikirako n'kwa mamilisekondi makumi angapo chabe, ndipo milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Leigh Lisker ndi Arthur Abramson anayeza kampata aka m'zilankhulo zambiri mu 1964, n'kupeza kuti zilankhulo zimasiyanitsa makonsonanti otere makamaka ndi utali wa kampatako. Ife Chichewa chathu chadzaza ndi zimenezi: p ndi ph, t ndi th, k ndi kh. "Kola" ndi "khola" zimasiyana pa kanthawi kamene munthu sangakawerenge pa wotchi. Khutu labwino limazindikira mpata wa mamilisekondi 2 kapena 3 pakati pa phokoso. Khutu lokalamba kapena lowonongeka nthawi zambiri limafuna mpata wotalikirapo, ndipo ngakhale mpatawo lingauzindikire m'chipinda cha zii, kampweya ka "ph" n'kofooka moti phokoso laling'ono la pambali limakakwirira.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi timaphatikizo tathu tating'ono tija timene timanyamula tanthauzo lonse. "Mumwe" ndi "musamwe". "Upite" ndi "usapite". "Ndidzabwera" ndi "sindidzabwera". Munthu wolankhula bwinobwino amatulutsa maphatikizo 4 kapena 5 pa sekondi, ndipo kaphatikizo ngati "sa" kamadutsa mofulumira kuposa pamenepo, komanso konsonanti yake ndi s, imodzi mwa zimene zimayamba kusowa. Ganizirani bambo ali pawindo la mankhwala, wogawa mankhwala ali kuseri kwa galasi, anthu ali pamzere akulankhula, ndipo akuwauza kuti "musamwe musanadye". Apa vuto la kumva silikhalanso la kucheza chabe. Ngati pali chinthu chimodzi choti muchite mawa, ndi ichi: malangizo a mankhwala azilembedwa papepala, kapena wina azipita nawo.

Tsopano za kukuwa. Khutu likamva phokoso lamphamvu silibwerera mwakale nthawi yomweyo. Kwa mamilisekondi ofika 100 mpaka 200, kaphokoso kofooka kobwera pambuyo pake kamavuta kumva. Khutu limene timaselo take takunja tawonongeka limachedwa kwambiri kuchira m'kanthawi kameneka. M'Chichewa pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa vawelo, ndiye konsonanti iliyonse imabwera vawelo yamphamvu itangodutsa kumene. Mukakuwa mumakweza mavawelo kwambiri kuposa makonsonanti, chifukwa "aaa" munthu angakuwe koma "s" kapena "f" sakuwika. Zotsatira zake, vawelo yokuwidwayo imaphimba konsonanti yotsatira kuposa kale. Palinso china: m'khutu lowonongeka motere, mtunda wochoka pa "sindikumva" kufika pa "zikundipweteka" ndi waufupi. N'chifukwa chake munthu yemweyo amene amati "ati chiyani?" amatembenuka n'kunena kuti "musandikuwire, si ine mwana". Si mkwiyo wa ukalamba ayi, khutu lawo likunena zoona kawiri konse.

Kuti timvetse za phokoso la pagulu, ndibwereke ng'oma. Pa gule pali zinthu ziwiri zimene khutu limatola pa ng'oma. Choyamba ndi kaimbidwe: dzanja lamenya liti, lapuma liti, lamenya mwamphamvu kapena pang'ono. Chachiwiri ndi liwu la chikopa chenichenicho, kunjenjemera kwake kofulumira kumene kumakuuzani kuti iyi ndi mbalule, iyo ndi gunda, ngakhale zikulira pamodzi. Mawu a munthu nawonso ali ndi ziwirizi. Pali kukwera ndi kutsika kwa mphamvu kumene kumatsatira maphatikizo, kangapo chabe pa sekondi, kumene akatswiri amati envelope. Ndiye pali kunjenjemera kofulumira kwa mkati mwake, maulendo mahandiredi kapena masauzande pa sekondi, kumene amati fine structure. Mtsempha wa kumva umanyamula zonse ziwiri. Pa mawu otsika ndi apakati, mpaka cha pa 4,000 kapena 5,000 Hz malinga ndi zimene anayeza pa nyama, timinyewa ta mtsemphawu timatumiza uthenga mogwirizana ndendende ndi kunjenjemera kwa mawuwo. Ubongo umawerenga nthawi ya mauthengawo.

Mu 1995 Robert Shannon ndi anzake ku House Ear Institute ku Los Angeles anachita zodabwitsa. Anatenga mawu a munthu, kuwagawa magawo 3 kapena 4 okha, kuchotsa kunjenjemera konse kwa mkati, m'malo mwake kuikamo phokoso wamba lokhala ndi kaimbidwe ka mawu aja. Zotulukazo zimamveka ngati munthu wonong'ona mosasa, koma omvera anatola mawu ambiri a m'ziganizo. Apa anasonyeza kuti pamalo pa zii, kaimbidwe kokha n'kokwanira kuti munthu amve nkhani. N'chifukwa chake makina oikidwa mkati mwa khutu mwa opaleshoni, a cochlear implant, amathandiza anthu kumva zolankhula ngakhale amapereka kwenikweni kaimbidweko. N'chifukwa chakenso bambo anu, mukakhala awiriwiri pakhonde m'mawa wailesi itazimitsidwa, mwina amakumvani bwino ndithu, ndipo apa m'pamene pamachokera maganizo akuti amasankha zomva.

Koma pakangolowa mawu a munthu wachiwiri ndi wachitatu, kaimbidwe ka anthu atatuwo kamasakanikirana. Kuti ubongo udziwe kuti phatikizo ili ndi la mwana wanga, ilo ndi la mdzukulu, umadalira kwambiri liwu la mkati lija: liwu la mwamuna limanjenjemera cha pa 100 mpaka 120 pa sekondi, la mkazi cha pa 200, ndipo ubongo umatsata ulusi wa liwu limodzi n'kusiya enawo. Mu 2006 Christian Lorenzi wa ku Paris, Brian Moore wa ku Cambridge ndi anzawo anapeza kuti anthu a vuto la kumva, achinyamata ndi achikulire omwe, ankamva bwino mawu otsala ndi kaimbidwe kokha, koma ankalephera kwambiri mawu otsala ndi kunjenjemera kwa mkati, pamene anthu a makutu abwino ankawatola ataphunzira. Akatswiri amatsutsanabe kuti mbali ya vutoli yochokera ku nthawi ndi yaikulu bwanji poyerekeza ndi yochokera ku kulephera kwa cochlea kulekanitsa mawu oyandikana, koma kuti khutu lowonongeka limavutika kulekanitsa olankhula, palibe amatsutsa.

Palinso luso lina limene tonse a makutu abwino timaligwiritsa ntchito osadziwa. Phokoso la anthu silikhala lofanana nthawi zonse. Munthu wa pambali akamapuma mpweya kapena akamatseka milomo, pamatseguka timipata tating'ono, ndipo khutu labwino limasuzumira m'timipatamo n'kutola zidutswa za mawu amene likufuna, ubongo n'kulumikiza. Joost Festen ndi Plomp yemwe uja anayeza zimenezi mu 1990. Anthu akumva bwino ankapindula kwambiri phokoso likakhala la timipata, koma a vuto la kumva phindu lake linali lochepa kapena losaoneka n'komwe. Khutu lawo likadali kuchira ku phokoso lapitalo pamene kampata katseguka, ndipo likamati lachira kampatako katsekeka kale. Pa maliro, pa chinkhoswe, pa msonkhano wa bungwe la maliro pamene aliyense akulankhula, inu mukumvera m'timipata, bambo anu akumva khoma limodzi la phokoso.

Pano pali mbali imene imatikhudza ife mwapadera. Chichewa ndi chilankhulo chimene kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasintha tanthauzo. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa tomato pa msika wa Mbare Musika timazilemba mofanana, koma sitizitchula mofanana. "Ndimathandiza" wa masiku onse ndi "ndimathandiza" wa dzulo lija amasiyana pa malo amene liwu lakwera. Chishona nachonso n'chotero. Kukwera ndi kutsika kwa liwu kumanyamulidwa kwambiri ndi kunjenjemera kwa mkati kuja, kumene khutu lowonongeka limavutika nako. Kafukufuku wa Chimandarini cha ku China, chimenenso chimadalira liwu motere, anasonyeza kuti omvera amatsata kunjenjemera kwa mkatiko pozindikira liwu la phatikizo kuposa kaimbidwe. Mwayi wake ngwakuti liwu limeneli lili m'munsi, kumene makutu a okalamba ambiri amasungako mphamvu, ndipo nkhani imene ikukambidwa imathandiza kudziwa mtengo umene ukunenedwa. Koma m'phokoso, pamene nkhaniyo yaduka kale pakati, ndi chinthu chinanso chimene bambo akuyenera kulota.

Ndikuganizanso kuti adzukulu awo ambiri amalankhula Chishona ndi Chingerezi, mofulumira, akusakaniza. Bambo anaphunzira Chishona atakula. Zimadziwika bwino kuti chilankhulo chimene munthu anachiphunzira atakula, ngakhale akuchidziwa kwambiri, chimavuta kumva m'phokoso kuposa chimene anayamwira, chifukwa ubongo sudzaza mipata yosowayo mwachangu. Onjezani kuti ubongo wa munthu wachikulire umavutika ndi mawu othamanga ngakhale makutu atakhala abwinobwino. Musadabwe akamamva bwino mnzawo wa ku Dedza amene amacheza naye pa bawo, koma mdzukulu osamumva. Mnzawoyo amalankhula Chichewa, modekha, atayang'anizana nawo, pa nkhani zimene onse akuzidziwa. Ndipo musadabwe akamatopa msanga n'kukagona anthu akadali kucheza. Kulota mawu ola lathunthu ndi ntchito yolemetsa mutu.

Makutu ndi awiri pa chifukwa, ndipo chifukwacho ndi nthawinso. Mawu ochokera kumanja amafika kukhutu lamanja msanga kuposa lamanzere. Kusiyanako sikupitirira pafupifupi mamilisekondi 0.7, ndipo munthu wa makutu abwino amatha kuzindikira kusiyana kwa mamaikulosekondi 10 mpaka 20, magawo a sekondi itagawidwa ka 1,000,000. Wasayansi wa ku England, Lord Rayleigh, anafotokoza zimenezi mu 1907. Ndi luso limeneli limene limakuthandizani pa siteji ya Copacabana kapena ya Market Square, mahwindi (oitanira minibasi) akukuwa mbali zonse, kumva mnzanu amene ali kumanzere kwanu, ndi kudziwa kuti kombi (minibasi) ikuliza hutala kuchokera kumbuyo. Ukalamba ndi kuwonongeka kwa cochlea zimafooketsa lusoli. Mwalemba kuti achimwene anatumiza kachipangizo kamodzi. Ngati makutu onse awiri ali ndi vuto, kamodzi kamakweza mbali imodzi, ubongo n'kusowa chofanizira nacho. Ndipo samalani nawo podutsa msewu: kumva galimoto ndi kudziwa kumene ikuchokera ndi zinthu ziwiri.

Za kutchalitchi ndili nazo mawu ambiri, chifukwa apa vuto lalikulu si khutu la bambo koma nyumbayo. Matchalitchi athu ambiri ndi a makoma a njerwa opaka pulasitala, pansi pa simenti, denga la malata lopanda siling'i, mawindo opanda makatani. Mawu akatuluka amagunda makoma n'kubwerera, kugundanso n'kubwereranso, ndipo vawelo imodzi imatha kumvekabe sekondi yathunthu kapena kupitirira. M'sekondi imeneyo mlaliki watchula kale maphatikizo ena anayi. Mawu obwererawo amadzaza timipata tonse ta pakati pa maphatikizo, kaimbidwe kaja n'kuphwanyika, pamene kaimbidweko ndi kamene bambo anatsala nako. Tammo Houtgast ndi Herman Steeneken, a ku Netherlands nawonso, anapanga m'zaka za m'ma 1970 njira yoyezera chipinda poona mmene chimafafanizira kukwera ndi kutsika kumeneku, ndipo imagwirabe ntchito mpaka lero. Ku America muyezo wa makalasi a sukulu umati mawu asachedwe kuzimirira kupitirira masekondi 0.6.

Ndiye timabwera ife n'kuika zokuzira mawu zikuluzikulu, voliyumu mpaka kumapeto, nthawi zina tawonjezeranso dala kamvekedwe kobwerezabwereza kaja chifukwa akuti kamakometsa kwaya. Kwa kwaya kaya, koma pa ulaliki ndi pa zolengeza n'kulakwira okalamba onse amene ali m'menemo. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiye mita iliyonse ndi mamilisekondi 3. Ngati sipika imodzi ili pafupi ndi inu, ina ili mamita 20 kutali, mawu omwewo akufikani kawiri, motalikirana mamilisekondi 60, ndipo kuchedwa kopitirira pafupifupi 50 kumayamba kusokoneza zolankhula. Bambo asakhale kumbuyo pafupi ndi khoma monga amakondera madoda ambiri. Akhale kutsogolo, pafupi ndi sipika imodzi, pamene akuona nkhope ya mlaliki. Ndipo ngati muli m'komiti ya chitukuko, makatani olemera, siling'i ndi kutsitsa voliyumu zidzathandiza anthu ambiri kuposa kugula sipika ina.

Tibwere ku kachipangizo ka m'dilowa. Sindikudabwa kuti anakakana. Zambiri zimene zimagulidwa m'sitolo kapena pa intaneti popanda kuyezetsa zimangokweza chilichonse mofanana: mavawelo amene amawamva kale, mbale, wailesi, galimoto za mumsewu. Kachipangizo koyenera kamakonzedwa pa kompyuta motsatira zotsatira za khutu la mwini wake, kuti kakweze mawu okwera amene asowa, kasakweze a m'munsi, komanso kachepetse phokoso lamphamvu lisanapweteke. Ngakhale apo pali nkhani ya nthawi. Kachipangizo kamene kamasintha mphamvu mofulumira kwambiri kamakweza makonsonanti ofooka, koma kamasalazanso kukwera ndi kutsika kwa maphatikizo. Kosintha pang'onopang'ono kamasunga kaimbidwe koma timawu tofooka tina timatayika. Anthu amasiyana pa chimene chimawayenera, ndipo ndi ntchito ya katswiri kuyesa ndi kusintha, mwina maulendo angapo. Ubongo nawo umafuna masabata kuti uzolowere mawu amene unasiya kuwamva zaka zambiri zapitazo.

Komabe ndinene mosabisa: ngakhale kachipangizo kodula chotani sikabwezeretsa luso la mtsempha lowerenga nthawi. Kamathandiza kwambiri pamalo pa zii ndi pa anthu ochepa, pagulu kamathandiza pang'ono. Chimene chimagwira ntchito kwambiri m'phokoso ndi maikolofoni yaing'ono yopanda waya imene wolankhula amaipachika pa malaya, mawu n'kupita molunjika ku kachipangizo ka womvera osadutsa m'chipinda. Ngati achimwene akufuna kutumizanso ndalama, ayambe alipira kuyezetsa, kenako afunse za tizipangizo tiwiri ndi maikolofoni yotereyi.

Zimene banja lingachite popanda kulipira kalikonse n'zamphamvu kuposa mmene anthu amaganizira. Mu 1985 Michael Picheny, Nathaniel Durlach ndi Louis Braida ku yunivesite ya MIT ku America anapempha olankhula kuti atchule ziganizo kawiri, koyamba monga pocheza, kachiwiri momveka bwino ngati akulankhula ndi munthu wosamvetsetsa. Omvera a vuto la kumva anatola mawu 17 owonjezera pa mawu 100 alionse m'kalankhulidwe kachiwirika. Si kukuwa, ndiponso si kukoka mawu ngati kaseti yofooka batire. Ndi kutchula konsonanti iliyonse mpaka kumapeto, kusameza maphatikizo, ndi kupuma pang'ono pakati pa zigawo za chiganizo kuti khutu lichire ndipo ubongo upeze nthawi yolumikiza. Yambani mwawaitana kuti atembenuke, chifukwa mawu oyamba a chiganizo amatayika munthu asanatchere khutu. Tchulani mutu wa nkhani: "Bambo, za lendi." Akapanda kumva, musabwereze mawu omwewo mokweza, sinthani mawuwo, chifukwa kaphokoso kamene kawapulumuka koyamba kawapulumukanso.

Nkhope ikhale poonekera. W. H. Sumby ndi Irwin Pollack anasonyeza mu 1954 kuti kuona milomo ya wolankhula kumathandiza kwambiri, ndipo phindulo limakula phokoso likamakula. Milomo imauza ubongo nthawi imene phatikizo liyambe, ndiye maso amabwezera mbali ya chimene khutu lataya. Ambiri anazindikira kuti makutu awo ali ndi vuto mu 2020, pamene tonse tinavala mamasiki. Magetsi akazima, kandulo kapena nyali ikhale kumbali ya wolankhula, isakhale kumbuyo kwake. Ndikudziwa kuti mwambo wathu umati mwana kapena mpongozi asayang'ane wamkulu m'maso, alankhule atawerama, ali chapatali. Ulemuwo ndimaulemekeza, koma kwa munthu amene makutu akuvuta, kulankhula mutayang'ana pansi muli pakhomo ndi kumubisira mawu. Sendererani pafupi: pabwalo, mukachepetsa mtunda ndi theka mawu anu amakwera ndi madesibelo 6 (desibelo ndi muyezo wa mphamvu ya mawu) popanda kukuwa. Wailesi ndi TV zizimitsidwe pa nthawi ya chakudya, ndipo anthu azilankhula mmodzimmodzi. Ndipo chonde, mawu akuti "basi zisiyeni, si nkhani" achoke m'nyumbamo. Amapweteka kuposa kusamvako, ndipo ndi amene amachititsa munthu wamkulu kuyamba kudzipatula.

Za kuchipatala. Yambani ku kiliniki ya kwanuko kuti ayang'ane m'makutu, chifukwa phula lotseka khutu kapena nembanemba yobooka ndi zinthu zochizika, ndipo zimatha kuwonjezera pa vuto lina lija. Kuchoka apo apemphe kalata yopita kwa madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, kumene ambirife timangoti ku Gomo. Kulinso bungwe la WizEar limene limagwira ntchito ya za makutu kuno ku Zimbabwe. Bambo sali okha: lipoti la World Health Organization la 2021 limati anthu 430 miliyoni padziko ali ndi vuto la kumva lofunika thandizo, ndipo mwa anthu opitirira zaka 60, oposa 25 pa 100 alionse ali m'gululi. Pofotokoza mbiri yawo musaiwale fakitale ija, komanso ngati anabayidwapo jakisoni wa chifuwa chachikulu monga streptomycin kapena kanamycin, kapena gentamicin, kapena analandira kwinini wambiri, popeza mankhwala amenewa amatha kuwononga khutu. Khutu likatseka mwadzidzidzi tsiku limodzi, kapena vuto likakhala la mbali imodzi yokha, musadikire mwezi wamawa.

Kuyeza kodziwika kwambiri, kumene zotsatira zake amati audiogram, kumachitikira m'kachipinda ka zii, munthu atavala mahedifoni, akukweza dzanja akamva kaliwu. Kumayeza kufooka kuja, gawo loyamba la Plomp. Gawo lachiwiri sikuliona bwino. Mu 2009 Sharon Kujawa ndi Charles Liberman ku Boston anapeza kuti mbewa zimene zinamva phokoso lamphamvu kwa maola 2 zinachira n'kumamvanso timawu tofooka monga kale, koma malo ambiri olumikizira timaselo taubweya ndi mtsempha anali atawonongekeratu. Anthu awiri a audiogram yofanana amatha kusiyana kutali pa kumva pagulu. Choncho pemphani kuti awayezenso ndi mawu enieni, pa zii komanso m'phokoso, ndipo nenani kuti chilankhulo chawo choyamba ndi Chichewa, kuti kulephera mawu a Chingerezi kusawerengedwe ngati kulephera kwa khutu. Lembani pasadakhale malo atatu kapena anayi amene amavutika kwambiri, ndipo katengeni kachipangizo kaja m'dilowa mupite nako, katswiri akaone ngati n'kotheka kukakonza.

Kumapeto kwa imelo yanu mwatchula modutsa kuti mwana wanu wamwamuna wayamba ntchito yowotcherera ndi kudula zitsulo ku Magaba, malo a amisiri ku Mbare, ndipo madzulo amadandaula kuti m'makutu mukulira. Ine apa m'pamene ndinaima nthawi yaitali. Kulirako ndi chizindikiro chakuti khutu lapyola muyezo tsiku limenelo. Malire amene akatswiri ambiri a za chitetezo pa ntchito amatsata ndi madesibelo 85 kwa maola 8, ndipo phokoso likakwera ndi madesibelo 3 nthawi yololedwa imadulidwa pakati. Gilainda yodula chitsulo imafika cha pa 100, pamene nthawi yololedwa ndi mphindi 15 zokha patsiku. Zotseka m'makutu za siponji zimagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zomangira pa mtengo wochepa, ndipo zimagwira ntchito pokhapokha zitapotedwa n'kulowetsedwa bwino mkati, osati kungoikidwa pakhomo pa khutu. Thonje wamba silitchinga mokwanira. Mugulireni sabata ino, ndipo azivala nthawi yonse imene makina akulira, ake kapena a mnzake wa pambali.